Malangizo kwa Dalaivala Wofuna Kutheredwa Mafuta pa Chia

Kutheredwa mafuta m'tauni si luso. Ku Lilongwe kapena ku Blantyre galimoto ikazima, pampu imakhala pafupi, anyamata okankha amatulukira pomwepo, ndipo ola lisanathe aliyense waiwala. Dalaivala wofuna kuti azikumbukiridwa ayenera kusankha malo mosamala, ndipo pa msewu wa M5, wodutsa ku Salima, ku Nkhotakota, ku Dwangwa ndi ku Nkhata Bay, palibe malo oposa pa Chia. Pali mlatho, pali msika wa nsomba, pali anthu okwanira kuchitira umboni, ndipo pa boma la Nkhotakota, pomwe pali mapampu, ndi makilomita oposa 20 chakumpoto. Malangizowa ndi a eni galimoto, madalaivala a minibasi ndi a Sienta, ngakhalenso a kabaza. Ofuna kufika komwe akupita nthawi ikadalipo asavutike n'kuwerenga.

1. Khulupirirani geji ndi mtima wonse

Geji inapangidwa ndi anthu ophunzira, choncho singaname. Mfundo imeneyi muigwiritsitse, ndipo musalole makaniko kukufotokozerani za m'thanki. Mukamulola, akuuzani kuti mkatimo muli kafuloti koyandama pamwamba pa mafuta, komangidwa ku kawaya kolimba. Mafuta akamatsika kafulotiko kamatsika nawo, ndipo nsonga ina ya kawayako imakhula pa kanjira kopyapyala ka magetsi. Mphamvu ya magetsi odutsa pamenepo ndi imene imasuntha muvi wa pa dashibodi. Akuuzaninso kuti geji siwerenga malita, imangonena pomwe fuloti yaima.

Zimenezi n'zoopsa kuzidziwa, chifukwa munthu amayamba kuganiza. Amayamba kuona kuti kanjira kaja kamaperepeseka ndi zaka, makamaka pa malo omwe kawayako kamakhalitsa, ndiye kuti galimoto yozolowera kuyenda ndi kota thanki imayamba kunama pa kota pomwepo. Amayamba kuona kuti fuloti yobooka imamwa mafuta n'kumira, kuti waya wadzimbiri amasokoneza muvi, ndiponso kuti mwala ukagunda thanki pansi n'kuipinda, kawaya kaja kakhoza kukodwa n'kuima pa hafu mpaka kalekale. Galimoto zambiri za mumsewu muno zinayamba zayenda zaka zingapo ku Japan, n'kudzatsika sitima pa Dar es Salaam, n'kulowa pa Songwe, kenako n'kuyamba kulimbana ndi maenje athu. Inu ingonenani kuti geji yanu yokha ndi imene zonsezi zinailambalala.

Geji ikaonongeka, musagule chipangizo cha mtundu wa galimoto yanu. Pezani fuloti yochokera m'galimoto ina iliyonse yophwasulidwa, bola ilowe pabowo. Muvi uzisuntha ndithu, ndipo chofunika n'chimenecho.

2. Werengerani hafu yachiwiri potengera yoyamba

Tsiku lina mudzalakwitsa n'kudzaza thanki. Mudzaona muvi utakakamira pa F kwa mtunda wautali, ndipo mtima udzakhala m'malo. Chifukwa chake n'chakuti fuloti yagunda kudenga kwa thanki, mafuta ena ali m'khosi mothirira, ndipo siyamba kutsika mpaka malita angapo atapsa. Thanki nayonso si yofanana paliponse. Anaiumba mokhotakhota kuti ikwane pansi pa mipando, ndipo m'galimoto zina ili ngati chidebe chotambalala kumwamba koma chopanikizika kumunsi: madzi oyamba amachedwa kutsika, otsiriza amangoti phwa.

Inu musalabadire. Ngati kuchoka pa F kufika pakati mwayenda makilomita 300, lengezani kwa onse okwera kuti enanso 300 atsala. Lengezani mokweza, kuti pa Chia pasadzapezeke wokana kuti sanamve.

3. Kagetsi kachikasu kakayaka, kondwerani

Madalaivala osazindikira amati kagetsi kokhala ndi chithunzi cha pampu kakayaka ndiye kuti akhote pa malo omwetsera mafuta oyamba kuwapeza. Dalaivala wokhwima amadziwa kuti kagetsiko ndi uthenga wabwino: mafuta alipo, akanakhala kuti mulibe injini bwenzi itazima.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Thanki ya Toyota Sienta imalowa malita 42, ya Probox malita 50, ya Hiace malita 70. M'galimoto zambiri kagetsi kamayaka patatsala gawo limodzi mwa magawo 7 mpaka 10 a thanki, ndiye kuti m'Sienta muli malita 6 kapena kucheperapo. Tinene kuti galimoto yanu, itanyamula anthu ndi katundu, ikuyenda makilomita 14 pa lita. Malita 6 akupatsani makilomita 84. Kuchoka ku Salima kukafika pa boma la Nkhotakota ndi makilomita oposa 100, pomwe kukafika pa Chia ndi oposa 80 pang'ono. Masamu akugwirizana bwino lomwe. Chomwe mukufunika n'kuonetsetsa kuti kagetsi kayake mukadali pa Kamuzu Road ku Salima, mudutse mapampu onse osayang'anako, mukhote pa Kaphatenga, basi. Khombedza mudutsa, Thavite mudutsa, Benga mudutsa mukuimba mluzu.

Ngati kuwala kwa kagetsiko kukukusowetsani mtendere, matanipo tepi wakuda kapena tsamiritsanipo chithunzi cha mwana wanu. Ena amapita kwa wamagetsi a galimoto kukachotsetsa babu, ndipo vuto limathera pomwepo. Galimoto ikakhala ya zija zolankhula Chijapani, ikayamba kudandaula ingokwezani wailesi. Mayi wolankhula m'dashibodiyo msewu wa Salima sanaupondepo.

Galimoto zina zimalemba nambala ya makilomita otsala. Nambalayo kompyuta imaipeza poyang'ana momwe mwayendera m'mbuyomu, galimoto ili yopepuka, msewu uli wosalala. Siidziwa kuti pa Benga mukweza matumba anayi a mpunga. Itengeni nambalayo kuti ndi lonjezo.

4. Thirani pang'onopang'ono, ndi ndalama za okwera

Mafuta akwera mtengo, ndipo njira yopulumutsira ndalama n'kuthira ochepa. Alipo anthu amene amati galimoto imamwa malita omwewo pa mtunda womwewo, kaya thanki ndi yodzaza kaya ili pansi, kotero kuyenda ndi thanki yopanda kanthu sikupulumutsa tambala ngakhale imodzi. Amenewo ndi a nsanje.

Dalaivala wa minibasi azinyamuka pa depoti thanki ili gwaa, kondakitala atolere ndalama za anthu atatu oyamba, ndipo akhote pa pampu n'kunena kuti, “Tithire kaye pang'ono, makolo.” Pang'ono akhale pang'ono ndithu. Wothira mafuta asanagwire bwino paipi, inu lizani kale injini. Wokwera wina akafunsa kuti, “Adalaivala, amenewa atifikitsa?” muyankheni kuti, “Mayi, galimoto iyi ndimaidziwa ine, imayenda ndi fungo lokha.” Onse aseka, ndipo kuseka kumeneko mudzakukumbukira madzulo.

Musaganizire kuti pampu ya kutsogolo ingakhale youma. N'zoona kuti mafuta a dziko lino amachokera kutali, pa madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja zomwe nthawi zina zimasowa. N'zoona kuti mu 2011 ndi 2012 galimoto zinkagona pa mizere, ndipo kuyambira mu 2022 mizereyo yakhala ikubwerabwera. Koma kampani ya boma ya NOCMA ili ndi nkhokwe za mafuta ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, ndiye inu mudzazirenji thanki yanu? Boma likusungirani. Mukapeza pampu ya mafuta yopanda mzere, idutseni, muziti mukathira kutsogolo. Akuluakulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu, koma akuluakuluwo analibe laisensi.

5. Thandizani mafuta kutha msanga

Pena masamu aja amaphonya, galimoto n'kukafika mpaka pa boma mwangozi. Pofuna kupewa zimenezi, pali zoyenera kuchita.

Nyamulani katundu wokwanira. Sienta inapangidwira anthu 7, koma malo a anthu 11 amapezeka, ndipo pamwamba pamakwana mpunga, chinangwa, njinga ndi mbuzi. Matayala akhale ofwefwera, chifukwa tayala lopanda mpweya wokwanira limalemetsa injini. M'mwezi wa Okutobala, kunyanja kukamaotcha, yatsani choziziritsira mpaka kumapeto. Mukamachokera ku Dwangwa kulowera ku Salima m'miyezi ya Juni ndi Julayi, mwera udzakhala ukukuombani chamaso, ndipo mphepoyo idzadya nawo mafuta popanda kukupemphani. Pa maenje ndi pa njira zapambali pomwe akukonza msewu, pondani moto mwamphamvu kenako buleki mwamphamvu, mobwerezabwereza. Poima kudikira wokwera amene akadali m'bafa, injini izilira.

Ena amazimitsa injini pa mtsetse kuti apulumutse madontho. Njirayi ili ndi ubwino wake, chifukwa injini ikazima buleki imauma mukaiponda kangapo, chiongolero chimalemera, ndipo ulendo umakhala wosaiwalika. Tsoka ilo, dera la Chia ndi lathyathyathya, mitsetse yabwino kulibe. Ofuna zimenezo adikire tsiku lotsika ku Ntchisi.

6. Gulani nsomba musanatheredwe, osati mutatheredwa

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Thamanda la Chia ndi lalikulu kuposa onse m'Malawi, mitsinje yochokera kumapiri a Ntchisi imathiramo, ndipo madzi ake amatulukira m'nyanja kudzera pa kamtsinje komwe mlatho unadutsa. Pamenepo ndi pomwe ogulitsa amathamangira galimoto iliyonse yoima, chambo chili m'manja: “Abwana, chalero ichi, onani makha!” Munthu wodutsa pa Chia osagula nsomba kunyumba amakafunsidwa mafunso.

Choncho imani, injini izilirabe, nenererani mtengo kwa mphindi 20. Ndalama zomwe zikanagula malita atatu zipite ku chambo chachikulu. Chimangirireni pa galasi loonera kumbuyo kapena pa waipa, monga mwa mwambo, kuti mphepo izichiomba ulendo wonse. Kenako nyamukani.

Kukoma kwa dongosololi n'kwakuti nsomba yopachika panja imadalira galimoto yoyenda. Galimoto ikaima makilomita awiri kuchokera pa mlatho, mphepo imaima nayo, dzuwa limayamba ntchito, ndipo ntchentche zimabwera kudzazonda. Pofika madzulo mudzakhala mulibe mafuta, mulibe ndalama, mulibenso ndiwo. Zonse zitatu pa tsiku limodzi si aliyense angazikwanitse.

7. Injini ikayamba kutsokomola, limbikirani

Chizindikiro choyamba n'chakuti galimoto imagwedezeka, kenako imachita ntchintchi, kukoka n'kusiya, kukoka n'kusiya. Pamenepo pampu ya m'thanki yayamba kumeza mpweya. Dalaivala wamantha amapatukira pambali galimoto ikadali ndi liwiro. Inu khalani pakati pa msewu, muzigwedeza chiongolero uku ndi uku kuti madontho otsala akhavukire ku pampu. Mukachita mwayi, izimira pa mlatho penipeni, pomwe malole a shuga ochokera ku Dwangwa adzasowe podutsa.

Ikazima, lizani kiyi kosalekeza. Pampu ya petulo m'galimoto zamakono imakhala m'thanki momwemo, ndipo mafuta ndi amene amaiziziritsa. Ikamazungulira pouma imatentha n'kuyamba kutha. Mukapitiriza kuliza, batire nalo lifooka. Potero vuto la malita awiri lasanduka la pampu ndi batire, ndipo makaniko wa pa boma adzakudalitsani.

Ya dizilo ndiye yabwino koposa. Mpweya ukalowa m'mapaipi, kuthira mafuta kokha sikukwanira. Pamafunika kupopa ndi dzanja, pena kumasula mapaipi, mpaka mpweya wonse utuluke. Onetsetsani kuti sipanala munaisiya kunyumba. Galimoto ikakhala otomatiki, itanani anyamata asanu aikankhe kuti ilire. Silira, chifukwa otomatiki salira mokankha, koma anyamatawo muwalipira ndithu.

Zikwangwani zofiira za makona atatu zija, zomwe apolisi a pamsewu amafunsa, musakhale nazo. Thyolani nthambi za mtengo wa mwini munda, muziyale pa phula mapazi asanu okha kuchokera pa galimoto. Pochoka muzisiye pomwepo, kuti odutsa mawa adziwe kuti panali munthu.

8. Fufuzani wolakwa

Musanayambe kufuna mafuta, khazikitsani kaye mlandu. Tsikani, tsegulani boneti, yang'anitsitsani injini kwa nthawi yaitali manja ali m'chiuno. Gwirani waya uyu ndi uyo. Mawu akuti mafuta asatuluke m'kamwa mwanu. Nenani kuti ndi fyuzi, kapena mapulagi, kapena kuti wothira mafuta ku Salima anakuberani. Zikavuta, kumbutsani anthu kuti pali wachibale wina kumudzi amene sanasangalale mutagula galimotoyi.

Okwera adzayamba kulankhula. Gogo wina adzati, “Mwanangu, tinakufunsa ife pa Kaphatenga.” Mayi wopita ndi mwana kuchipatala adzangokuyang'anani osanena kanthu. Wina adzafuna ndalama yake, ndipo kondakitala amuuze kuti ndalama zonse zinalowa m'thanki. Mukamaliza zonsezi, gogodani galasi la geji ndi chala, muvi ukagwa mwadzidzidzi mpaka pansi pa E, itanani onse adzaone kuti wolakwa wapezeka.

9. Funani mafuta m'njira yovuta

Tsopano kwerani kabaza ndi chigubu kulowera pa boma. Sankhani wa njinga yamoto amene kampopi kake ka mafuta kali kale pa rizevu, kuti naye akatheredwe panjira, muthandizane kupendeketsa njinga ndi kuuzira m'thanki. Mukafika pa pampu, mudzakumbutsidwa kuti m'nyengo za kusowa kwa mafuta bungwe la MERA limaletsa kugula m'zigubu popanda chilolezo. Kanganani ndi wothira mafuta, ngakhale lamulolo sanapange ndi iye.

Mukalephera, mavenda alipo. Mtengo wawo ndi woposa wa pa pampu, ndipo botolo lawo la lita limadziwa lokha kukula kwake. Musanunkhize, musayang'ane mtundu, musafunse ngati asakanizamo parafini. Safunsa anadya phula, koma inu mudzangodyetsa injini.

Chigubu chikhale chomwe munatungira madzi dzulo, ndipo musachiumitse. Petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol, wina mwa iye wopangidwa m'boma lomwelino la Nkhotakota, ku fakitale ya Ethco ku Dwangwa, yomwe inayamba ntchito mu 1982 pogwiritsa ntchito zotsalira za shuga. Ethanol amakoka madzi, ndipo madziwo akachuluka amapatukana ndi petulo n'kukhala pansi pa thanki, pomwe pampu imayamwa. M'thanki yodzaza, timadzi tochepa sitimveka. M'thanki ya malita awiri, timadzi tomweto timalamulira.

Pothira, dulani botolo la madzi akumwa likhale fanelo, theka la mafuta litayikire pa nsapato. Kukakhala mdima, pemphani wina ayatse machesi kuti muone bwino pabowo. Mukapeza dalaivala wachifundo wokugawirani, yamwani paipi ndi pakamwa mpaka petulo afike kukhosi. Madokotala amati petulo akalowa m'mapapo amaononga kwambiri, koma madokotala amanena zambiri.

10. Usiku ukakupezani, khalani omasuka

Kunyanja dzuwa likalowa, udzudzu wa m'madambo a mpunga umayamba kulandira alendo. Tsegulani mawindo chifukwa cha kutentha, neti munaisiya kunyumba. Mukafuna kuziziritsa mapazi, tsikirani m'bango mumdima. Anthu a pa Chia adzakuchenjezani za ng'ona ndi mvuu, koma inu ndinu wochokera m'tauni. Foni ikhale itatha moto kalekale chifukwa cha nyimbo, ndipo magetsi ochenjeza a galimoto akhale atazima limodzi ndi batire lija, kuti basi ya usiku ikuoneni itafika kale.

Anthu a m'mudzi mwina adzakumverani chisoni n'kukupatsani kondowole. Landirani ndi manja awiri. Ndiwo ndiye musatchule, chambo chanu chija anamva kale fungo lake.

11. Anthu oyenera kuwapewa

Pali madalaivala ena amene khalidwe lawo lingakuonongereni zonsezi. Amadzaza thanki, n'kubweza kawerengero ka makilomita pa ziro, ndipo podzazanso amagawa makilomita ndi malita kuti adziwe momwe galimoto yawo imamwera. Geji ikanama iwo amaigwira bodza tsiku lomwelo. Muvi ukafika pa kota amati mafuta atha. Asananyamuke ku Salima kapena ku Dwangwa amaimbira mnzawo wa kutsogolo kufunsa ngati mapampu ali ndi mafuta. Muvi ukayamba kudumphadumpha kapena kukakamira malo amodzi, amapita kwa wamagetsi kuti aone fyuzi, mawaya ndi fuloti, ndipo amagula chipangizo cha mtundu wa galimoto yawo. Kagetsi kakayaka amachepetsa liwiro, amazimitsa choziziritsira, n'kukhota pa pampu yoyamba. Injini ikatsokomola amapatuka msanga, amaika zikwangwani patali, ndipo okwera amawauza zoona.

Anthu oterewa ndi osasangalatsa kucheza nawo. Alibe nkhani yosimba pa bawo, pampu ya galimoto yawo imakhalitsa, nsomba zawo zimafika kunyumba zili bwino, ndipo pa Chia palibe amene amadziwa dzina lawo. Wina wa iwo akaima kuti akuthandizeni, landirani malita akewo, koma malangizo ake muwasiye pomwepo pa msewu.

Mukatsatira ndondomekoyi mokhulupirika, malita atatu omwe munakana kugula ku Salima mudzawagulabe, pa mtengo wa mavenda, kuonjezerapo ya kabaza, ya okankha, ya makaniko, ya pampu yatsopano ndi ya mankhwala a malungo. Amene thumba lake silingakwanitse zonsezi asayerekeze dala, angothira mafuta okwanira asanakhote pa Kaphatenga.